Za Nkhope ya Kompyuta ndi Kakonzedwe Kace

Nyumba ziwiri za kwa Kalembo zikhoza kumangidwa ndi njerwa za uvuni umodzi, koma ina nkuziridwa ndi mtsiro wofiira, inzace wakuda. Kompyuta iri cimodzimodzi. Mphunzitsi ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri: malangizo a m'kati amene ayendetsa makinawo, ndi nkhope imene mwana aiona pa galasi, ndiyo mitundu, zilembo ndi tizithunzi todinapo.

Phata la malangizo a Linux analilemba ndi Linus Torvalds wa ku Finland m'caka ca 1991. Popeza ali yense aloledwa kulitenga ndi kulikonza, panabadwa mabanja ambiri: Debian mu 1993, Ubuntu mu 2004, Linux Mint mu 2006. Ubuntu anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi liu la Cizulu lotanthauza umunthu.

Nkhope nazonso ziri ndi maina ao. KDE ndi Xfce zinayamba mu 1996, GNOME mu 1997, ndipo iri yonse ikhoza kubvekedwa pa mabanja onse atatuwa. Ubuntu anabvula GNOME mu 2011 nabvala nkhope yacilendo ya Unity, naibwereranso GNOME mu 2017, osaleka kukhala Ubuntu.

Phindu lace la kudziwa zimenezi nali. Sukulu ya ku Ulongwe ikalandira makompyuta akale asanu a mabanja osiyana, mwana amene anazolowera imodzi Lolemba asocera pa inzace Laciwiri, nayamba kudziyesa mbuli, cikhalireco colakwa si cace. Cifukwa cace mphunzitsi abveke makina onse nkhope imodzi. Xfce ndiyo yoyenera makina okalamba, pakuti siilemetsa. Pambuyo pace asankhe mtundu umodzi wosathobwa m'maso, akulitse zilembo kuti wokhala patali aone, nasiye tizithunzi tocepa, kali konse pa malo amodzimodzi m'makina onse. Acenjere ndi zokometsera za ku intaneti, pakuti cosokedwera KDE kawirikawiri sicikhala bwino pa Xfce.

Cotsiriza ndi maina. Ana ambiri a dera limeneli alankhula Ciyao kwao, naphunzira Cicewa m'kalasi. Cingerezi ciwadzera kacitatu. Dzina la pansi pa kacithunzi likhoza kusinthidwa, motero mphunzitsi alembepo mau odziwika: Kulemba, Kuwerengera, Kujambula. Mwana akapeza mau a kwao pa galasi, dzanja lace lileka kunjenjemera.