Maluwa a sakura akamasula, mphuno za ku Japan zili pa moto

Chakumapeto kwa Malichi, akatswiri a zanyengo ku Japan amakaima pansi pa mtengo wina wa pa kachisi wa Yasukuni mumzinda wa Tokyo n'kumawerenga maluwa. Akapeza kuti maluwa 5 kapena 6 amasula, amalengeza kuti nyengo ya sakura yayamba. Pakangotha pafupifupi sabata, mitengo imakhala yayera mbee m'mapaki ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo anthu amatuluka mwaunyinji kukachita chimene amati hanami: kuyala mkeka pansi pa mtengo, kudya, kumwa ndi kuyang'ana maluwa.

Ena amapita pa njinga, ndipo m'pomveka. Mitengo yochuluka ndi ya mtundu umodzi, Somei Yoshino, umene amauchulukitsa pomezanitsa, choncho m'dera limodzi yonse imamasula pamodzi n'kuyoyokanso pamodzi, masiku osakwana milungu iwiri. Wofuna kuona malo angapo tsiku limodzi, monga mtsinje wa Kamo ndi dera la Arashiyama ku Kyoto, njinga imamupulumutsa ku mabasi odzaza. Koma tayang'anitsitsani nkhope za opalasawo. Ambiri avala masiki, ena magalasi otchinga mpaka m'mbali, maso ali psu, kansalu kopukutira mphuno kali m'thumba.

Mlendo amafulumira kuloza chala maluwawo. Amawalakwira. Mungu wa sakura ndi womata, umadikira njuchi ndi tizilombo tina kuti tiunyamule, ndipo suuluka kutali. Wopalamula ali kumapiri, mtengo wobiriwira wopanda duwa looneka, wotchedwa sugi, pamodzi ndi mnzake hinoki. Mitengo imeneyi imadalira mphepo kuti ibereke, ndiye imamwaza mungu wambirimbiri, wopepuka, umene umayenda makilomita ochuluka kukafika m'mizinda. Sugi amayamba mu Febuluwale n'kufika pachimake mu Malichi, hinoki amalandira mu Epulo. Sakura amangopezeka pakati pa nkhondo ya eni.

Vutoli ndi lodzala ndi manja. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Japan inkasowa matabwa omangira mizinda imene inaphwasuka, ndipo boma linalimbikitsa kudzala sugi ndi hinoki m'mapiri chifukwa amakula mowongoka. Koma m'zaka za m'ma 1960 matabwa otchipa akunja anayamba kulowa mosavuta, kudula mitengo ya kwawo kunasiya kupindulitsa, ndipo nkhalango zija zinangosiyidwa. Sugi amayamba kutulutsa mungu wochuluka akafika zaka pafupifupi 30. Lero mitengo yodzala ya sugi yokha ili pa mahekitala oposa 4 miliyoni, ndipo yambiri inapitirira kale msinkhu umenewu.

Madokotala anafotokoza koyamba za matenda a mungu wa sugi mu 1964, ataona odwala a ku Nikko. Pa kafukufuku amene anachitika pakati pa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi pamodzi ndi mabanja awo, mu 1998 anthu 16 pa 100 alionse anali ndi vutoli. Mu 2019 anali pafupifupi 39 pa 100.

Nanga chimachitika n'chiyani m'thupi? Munguwo si kachilombo, suswana ndipo sudya mnofu. Kungoti chitetezo cha m'thupi cha anthu ena chimauona ngati mdani, n'kupanga asilikali otchedwa IgE amene amakakhala pa maselo ena a m'mphuno ndi m'maso. Mungu ukabweranso, maselowo amakhuthula mankhwala otchedwa histamine. Ameneyu ndiye amatekenya minyewa munthu n'kumayetsemula motsatizana, amatsegula mitsempha ya magazi mphuno n'kutupa mkati, mamina n'kumangochucha ngati madzi. Kusiyana kwake ndi chimfine wamba n'koti maso amayabwa kwambiri, thupi nthawi zambiri silitentha, ndipo sizitha m'sabata imodzi: zimakhalapo mpaka mungu utatha mumpweya. Sizipatsirananso. Munthu amatha kukhala m'dzikomo zaka zingapo ali bwinobwino, chaka china n'kungoyamba, chifukwa thupi limayamba lakumana ndi mungu kangapo lisanayambe kudana nawo. Izi n'zofunika kuzidziwa kwa ophunzira akwathu opita kumeneko, makamaka poti chaka cha sukulu ku Japan chimayamba mu Epulo, mungu uli pakalapakala.

Wapanjinga ndiye amaulandira wambiri. Akamatchova, makamaka pachitunda, amakoka mpweya wochuluka kuposa wokhala pamkeka, ndipo mphuno ikatsekeka amapumira pakamwa, pomwe palibe ubweya ndi mamina zosefa. Kwa wodwala mphumu apa m'pamene pali ngozi yeniyeni, ndipo sayenera kunyamuka wopanda mankhwala ake opopera. Mphepo nayo imamenya maso mwachindunji.

Masiku salingana. Loipitsitsa ndi lija lokongola kwambiri: kunja kwacha bwino, kwafunda, kwauma, kamphepo kakuomba, makamaka ngati dzulo lake kunagwa mvula. M'mizinda mungu umakonda kuchuluka chakumasana ndi dzuwa likamalowa, kotero wolawirira m'mamawa amapezako mpumulo, komanso njira zimakhala zisanadzaze. Pa wailesi ya kanema amalengeza kuchuluka kwa mungu pamodzi ndi zanyengo.

Zodzitetezera zake n'zosavuta. Masiki ndi magalasi zimachepetsa mungu wofika m'mphuno ndi m'maso. Jekete yoterera ndi yabwino kuposa juzi yaubweya, imene imakola mungu n'kukalowa nawo m'nyumba. Pofika pakhomo munthu azikung'untha zovala asanalowe, asambe kumaso, achukuche m'kamwa. Kutikita maso kumangowonjezera moto.

Pa mankhwala m'pofunika kusamala. Chlorpheniramine, amene ambiri kwathu kuno amamudziwa kuti Piriton, amaletsadi kuyetsemula koma amagonetsa ndi kufooketsa maganizo, ndipo munthu wosinza pa njinga pakati pa chikhamu choyang'ana m'mwamba ndi tsoka loyenda. Mankhwala atsopano monga fexofenadine ndi loratadine sagonetsa kwenikweni, ndipo amagwira bwino akayambidwa zizindikiro zisanakule. Alipo opopera m'mphuno ndi odontheza m'maso, amene dokotala kapena wa ku famase angalangize. Ndipo poti pa hanami sipasowa mowa, tinenenso izi: mowa umatsegula mitsempha ya magazi n'kutsekeratu mphuno, ukaphatikizana ndi Piriton tulo timawirikiza, ndipo malamulo a ku Japan amalanga wopalasa njinga atamwa. Chilango chake anachikhwimitsa mu Novembala 2024. Kuyambira mu Epulo 2023 lamulo limalimbikitsanso wapanjinga aliyense kuvala chipewa choteteza mutu, ngakhale kuti osavala salipitsidwa.

Kwa ovutika chaka ndi chaka pali chithandizo chozoloweretsa thupi. Wodwala amaika pansi pa lilime kamankhwala kokhala ndi mungu wa sugi pang'ono, tsiku lililonse, kwa zaka 3 mpaka 5. Inshuwalansi ya zaumoyo ya m'dzikomo inayamba kulipira chithandizochi mu 2014, ndipo amachiyamba nyengo ya mungu itadutsa.

Boma nalo linalowererapo. Mu 2023, Fumio Kishida ali nduna yaikulu, linalengeza kuti lichepetsa nkhalango zodzala za sugi ndi gawo limodzi mwa magawo 5 m'zaka 10, n'kumadzalamo mitundu yotulutsa mungu wochepa. Chovuta n'choti ogwira ntchito m'nkhalango ndi ochepa, ambiri ndi okalamba, ndipo mapiriwo ndi otsetsereka. Mwa kuwerengera kwa boma lenilenilo, kuti mungu utsike ndi theka padutsa zaka pafupifupi 30.