Kodi Zowawa Zonse Nchifuniro cha Mulungu?



Pa maliro, pa chilala, ngakhale pamene mabelo a fodya abwezedwa ku okushoni, timamva mau amodzimodzi akuti zonse nchifuniro cha Mulungu. Mau amenewa ali ndi choona chake, pakuti Eklezia amaphunzitsa kuti Mulungu ndiye Mwini zonse, ndipo palibe kanthu kamene kangamlande ufumu. Komabe tiyenera kufunsa bwino: kodi zowawa zonse zimachokera m'dzanja lake? Malembo Oyera amatiphunzitsa kusiyanitsa.

Poyamba, pali mavuto amene chifukwa chake nchobisika kwa ife. Yobe anali munthu wolungama, koma anataya ziweto zake, ana ake khumi ndi thanzi lake lomwe. Abwenzi ake atatu anamuumiriza kuti avomere tchimo limene sanachite, poganiza kuti wovutika aliyense akulangidwa. Mulungu poyankha m'kamvulumvulu sanamuuze Yobe chifukwa cha masautso ake. Anangomuonetsa kukula kwa chilengedwe, ndipo pomaliza anadzudzula abwenzi aja, osati Yobe amene anadandaula mosabisa. Ambuye Yesu anatsimikiza zomwezo. Pa Yohane 9 anakana kuti munthu wobadwa wosaona uja anali kulipira tchimo lake kapena la makolo ake, ndipo pa Luka 13 anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa koposa anzao. Tsono matalala akaononga fodya wa mnzathu nkusiya wathu, tisamloze chala, ndipo iye asathamangire kukaombeza kuti apeze womlodza.

Kachiwiri, pali mavuto amene amapangidwa ndi manja a anthu, ndipo kuwatchula chifuniro cha Mulungu nkumnamizira Mulunguyo. Tikumbuke njala ya 2002, imene inasautsa Kasungu koopsa. M'chaka cha 2001 mvula inachulukitsa, minda inamira, chimanga chinachepa. Zimenezo sitikadatha kuziletsa. Koma pamene anthu anayang'ana ku nkhokwe za boma, anapeza kuti chimanga chosungira tsiku la tsoka chinali chitagulitsidwa. Mtengo unakwera kowirikiza kangapo, mabanja anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo pamene boma linalengeza za tsokalo mu Febuluwale 2002, ambiri anali ataikidwa kale m'manda. M'buku la Genesis, Mulungu anapulumutsa Ejipito ku njala ya zaka zisanu ndi ziwiri popatsa Yosefe nzeru zosunga tirigu m'zaka za dzinthu. Mvula ili m'manja mwa Mulungu, koma makiyi a nkhokwe anawapereka kwa ife.

Chimodzimodzinso ndi moyo wa matenanti. Kwa zaka zambiri mabanja ankachoka ku Mulanje, Thyolo ndi Mangochi kudzalima fodya pa maesiteti a kuno. Ankathirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, akudya phoso la ngongole. Fodya akagulitsidwa, bwana ankachotsa mtengo wa chimanga, feteleza ndi zipangizo, ndipo ena ankatsala opanda ngakhale ya basi yobwerera kwao. Mu 2009 bungwe la Plan linaulula kuti mwana wogwira fodya wamuwisi angathe kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku limodzi. Kodi tinganene kuti Atate akumwamba anafuna zimenezi? Iai. Chilamulo cha Mose chimaletsa kugoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa, mneneri Amosi anadzudzula ochepetsa miyeso pa malonda, ndipo Yakobe Woyera, pa mutu 5 wa kalata yake, akuchenjeza kuti malipiro omanidwa kwa okolola amalira mpaka kumveka kwa Ambuye. Nchifukwa chake Aepiskopi athu, m'kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, sanauze amphawi kuti angopirira, koma analankhula poyera za malipiro ochepa ndi mitengo yosalungama ya mbeu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo a ntchito. Koma lamulo la papepala silisintha mtima, ndipo aliyense wolemba mnzake ntchito adzayankha yekha pamaso pa Mulungu.

Nanga ngati Mulungu ali ndi mphamvu zonse, alekeranji zoipa kuchitika? Iye anatilenga aufulu, chifukwa chikondi chokakamiza si chikondi. Safuna choipa, koma amachilola, ndipo ufumu wake umaoneka pakuti amatha kutulutsa chabwino ngakhale m'choipacho. Abale a Yosefe anachimwa pomgulitsa, ndipo tchimo lao linakhalabe tchimo, koma Mulungu anasandutsa njira ya ukapoloyo kukhala njira ya chipulumutso cha banja lonse. Zimenezi zinafika pachimake pa Kalvare. Yudasi anapereka, Pilato anaweruza mokhota, Mwana wa Mulungu analira ngati wosiyidwa, koma pa tsiku lachitatu Atate anamuukitsa. Mulungu wathu sayang'anira masautso ali patali. Anawasenza m'thupi lake. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, anafotokoza m'kalata yake ya 1984 yonena za masautso kuti wovutika angathe kuphatikiza zowawa zake ndi za Kristu, ndi kuti ife otsalafe tikuitanidwa kukhala ngati Msamariya wachifundo.

Tsono, abale, tichite zitatu. Chimene sitingathe kuchimvetsa, tichitule kwa Mulungu monga Yobe, ndi misozi yomwe, pakuti kudandaula m'pemphero si kusakhulupirira. Chimene chachokera ku umbombo wa munthu, tichitchule dzina lake ndi kuchikonza, kuyambira pa munda wathu. Ndipo m'miphakati yathu tidziwe nyumba imene utsi sunafuke lero, tisanaiuze kuti Mulungu ndiye adziwa.

Ambuye akudalitseni, akusungeni pa ntchito zanu, ndipo atipatse tonse mtima wolungama. Amen.