Mapazi a Chauta m'Milaga ndi m'Miphakati

Masiku ano munthu akakwera minibasi pamsewu wa ku Dedza, kapena akatsegula wailesi m'bandakucha tulo titamthawa, sachedwa kumva mbiri ya zozizwitsa: uku kwafika mneneri wotchula anthu maina asanamuuze, uko agulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa m'timabotolo, kwinako khamu lakwera phiri kukagona masiku atatu osalawa kanthu, kuti kapena Mulungu n'kuonetsa nkhope yake. Sitinyoza ludzu limene likokera anthuwa kumeneko, pakuti mayi amene watopa ndi mizere ya kuchipatala, ndi mnyamata amene wasunga satifiketi m'sutikesi zaka zambiri osaona ntchito, ali nacho chifukwa chofuulira kwa Namalenga wawo. Chimene chitidetsa mtima n'chakuti Mkhristu wa kumudzi, amene wakhala akupembedza mokhulupirika m'kachisi wa njerwa zosaotcha kuyambira ubwana wake, wayamba kudziyesa wosiyidwa, nati mumtima mwake kwathu kuno Ambuye safikako, popeza sikunagwe munthu pansi, ndipo sikunamveke mfuu.

Komatu Malembo amene tiwerenga tonse aphunzitsa mwina. Eliya, atathawa Yezebeli nakabisala m'phanga la ku Horebu, anaona mphepo yong'amba miyala, chivomezi ndi moto, ndipo m'zonsezo sanampeze Yehova, kufikira pamene kunadza bata, m'mene munthu sangayembekezere kanthu. Namani, kazembe wa Aramu, anapsa mtima pamene Elisa sanatuluke n'komwe kudzamchitira mwambo waukulu, koma anangomtumizira mawu akuti akasambe kasanu ndi kawiri mu Yordano. Ndipo akadapanda anyamata ake kumdandaulira, akadabwerera kwawo ndi khate lake. Ophunzira awiri aja a ku Emau anayenda ndi Ambuye ulendo wonse osawazindikira, nawadziwa pokhapo ponyema mkate, ndiko kunena pa chakudya cha madzulo m'nyumba ya munthu wamba.

Tsono tiyeni tiyang'ane kwathu kuno. Pamene amishoni Andrew Murray ndi Theunis Vlok anamanga msasa ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889, ndipo pamene mishoni ya Nkhoma inakhazikika mu 1896, Uthenga sunafale ndi malipenga, koma ndi aphunzitsi a sukulu za m'midzi amene ankayenda pansi, naphunzitsa ana kuwerenga pansi pa mtengo. Ntchito yomasulira Buku Lopatulika, imene William Murray anaitsogolera pamodzi ndi amishoni anzake ndi aphunzitsi a kuno, inadya zaka zambiri isanafike posindikizidwa mu 1922. Akatolika analandira buku lawo la Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 mipingo inatulutsa pamodzi Buku Loyera. Chifukwa cha thukuta la anthu amenewo, lero gogo wa ku Chitundu kapena wa ku Nathenje, atatha kudya nsima, aitana mdzukulu kuti amwerengere Salimo pa kuwala kwa koloboyi, namva Mulungu akulankhula naye m'chinenero chimene anayamwa kwa mayi ake. Ameneyo akanena kuti mtima wake wakhala pansi, ndipo agona tulo ngakhale nkhokwe yatsala pang'ono kutha, ife tiyesa kuti waona chizindikiro choposa cha amene anakwera phiri.

Koma pamene mapazi a Ambuye aoneka poyera kopambana ndi pakhomo pamene pagwa matenda kapena zovuta. Amayi a Chigwirizano, bungwe limene linayamba m'mipingo ya Nkhoma mu 1940, pamodzi ndi anzawo a Mvano ku Sinodi ya Blantyre ndi a Umanyano ku Livingstonia, ambiri tiwadziwira yunifolomu yawo yoyera ndi nyimbo zawo zokha. Koma amene anagonapo pamphasa miyezi, wopanda womtungira madzi, awadziwira zina. Abwera m'mamawa, wina atasenza mtolo wa nkhuni, wina ndowa ya madzi, wina kaufa m'beseni kamene wapungula pa chakudya cha ana ake omwe. Asesa pabwalo, azira nyumba, achapa zofunda zimene achibale eni ake anyansidwa nazo, aphika phala nam'mwetsa wodwalayo ndi supuni, ndipo potsiriza pake agwada napemphera mwachidule, n'kubwerera kukalima minda yawo dzuwa litakwera kale. Palibe wowajambula, palibe wowalipira, ndipo kawirikawiri wodwalayo si mbale wawo, mwinanso ndi yemwe uja anawanena miseche chaka chatha. Kodi mphamvu yotere ichokera kuti, ngati si kwa Iye amene anadzaza mtima wa Dorika wa ku Yopa, amene amasiye anamlira akuonetsa zovala zimene anawasokera?

Imfa ikalowa m'mudzi, amayi omwewo agona m'siwa ndi anamfedwa, naimba usiku wonse kufikira tambala woyamba, pamene adzukulu anyamula makasu kupita kumanda, ndipo mlembi akhala pampando ndi kope lake kulemba chipepeso cha aliyense, kaya ndi ndalama, kaya ndi nkhuku, kaya ndi lichero la ufa. Wina anganene kuti umenewu ndi mwambo chabe wa makolo, popeza akale anati maliro n'kulirana, Uthenga usanafike. Inde ndi mwambo wa makolo. Koma ife sitikhulupirira kuti Chauta anadikira sitima ya amishoni kuti ayambe kuyenda m'midzi ya Amaravi. Iye amene makolo ankampempha mvula ku Msinja, ndiye yemwe anabzala chifundo chimenechi mwa iwo, ndipo Uthenga utadza unachipeza, nuchiyeretsa, nuchifutukula kuti chifikire ndi mlendo yemwe wopanda mbumba.

Akatolika nawo anazindikira zomwezi. Bishopu Patrick Kalilombe, amene anadzozedwa kukhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anasonkhanitsa dayosizi yake m'sinodi ya zaka za 1973 mpaka 1975, nalimbikitsa kuti moyo wa mpingo usangodalira wansembe amene afika pa tchalitchi laling'ono kamodzi pakapita milungu yambiri, koma uzike mizu m'miphakati, m'mene mabanja oyandikana akumana pakhonde la mmodzi wa iwo, nawerenga Mawu, nafunsana za wodwala, za mwana wosowa fizi, ndi za banja limene likugwedezeka. A Nkhoma ali nayo milaga yawo, yoyang'aniridwa ndi akulu a mpingo, ndipo ntchito yake ndi yomweyo. M'menemo muchitika chozizwitsa chimene ife tichiyesa chovuta koposa zonse, ndicho chakuti amuna awiri amene anakanganira malire a munda mpaka kwa anyakwawa, nakhala zaka osapatsana moni, agwirana chanza Mgonero usanafike, wina nati, "Achimwene, ndinakulakwirani," winayo nayankha kuti, "Zatha, tiyeni tidyere pamodzi." Aliyense wodziwa kuuma kwa mtima wa munthu pa nkhani ya malo sangakayike kuti pamenepo padutsa dzanja losaoneka.

Tisabise kuti ilipo nthawi imene zizindikiro zonse zioneka ngati zafafanizika. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba za ku Chilobwe usiku anthu ali m'tulo, naononganso midzi ya ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Nsanje, anafa olungama pamodzi ndi osalungama, makanda pamodzi ndi nkhalamba, ndipo panalibe mlaliki wanzeru amene akanaimirira pamatope amenewo n'kufotokoza chifukwa chake. Amene anafulumira kunena kuti chinali chilango anachita monga abwenzi a Yobu, amene Mulungu mwini anawadzudzula. Chimene tingachitire umboni n'chakuti kutacha, anthu anakumba ndi makasu ndi manja kufunafuna anansi awo, matchalitchi ndi masukulu anasanduka mogona othawa, ndipo Akhristu ndi Asilamu, a m'tauni ndi a kumudzi, anasonkha zovala, mabulangete ndi ufa, osafunsa wolandirayo kuti apemphera kuti. Zimenezi sizibweza wakufa, ndipo wofedwa ali nawo ufulu wolira ndi kufunsa. Koma ambiri mwa opulumuka, pofotokoza za masiku amenewo, satha nkhani yawo osatchula munthu wosamdziwa amene anawagwira dzanja.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji chizindikiro choona ndi chonyenga? Mtumwi Paulo, polembera Agalatiya, analoza ku chipatso chimene Mzimu abala mwa munthu, ndipo akuluakulu athu anachenjeza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pemphero limene lisiya mwana akuloza agogo ake ufiti, kapena wodwala atataya mankhwala otalikitsa moyo amene anampatsa kuchipatala, kapena banja litagulitsa mbuzi yotsiriza kuti likagule dalitso, lingakhale laphokoso chotani, chipatso chake chilitsutsa. Chipatala cha Nkhoma, chimene chinayamba mu 1915, chinamangidwa ndi anthu opemphera, amene sanaone udani pakati pa jakisoni ndi maondo.

Chotero tili ndi pempho kwa abusa, ansembe, akatekisiti ndi akulu a mpingo. Nthawi ya maumboni ikakwana, oimirira kawirikawiri ndi amene agula galimoto, kapena amene mwana wawo wapeza ntchito ku Johannesburg, ndipo tikondwera nawo ndithu. Koma mayi wamasiye amene achinyamata a mumlaga anamfolerera denga mvula isanagwe akhala chete kumbuyo, poyesa kuti nkhani yake njochepa. Muyendereni Loweruka, mumuuze kuti mpingo ufuna kuimva, ndipo Lamulungu mumpatse mpata woyamba, ana a Sande sukulu asanatuluke.