Kuwerengera Nthawi ya Moyo ndi Funso la Kuimitsa Kafukufuku wa Mankhwala

1. Mau Oyamba

Pofuna kudziwa ngati mankhwala akuthandiza, madokotala amagawa odwala m'magulu awiri mwamaere: ena amalandira mankhwalawo, ena amalandira mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mphamvu. M'nkhani ino tifotokoza m'mene akatswiri a masamu amadziwira nthawi yoyenera kuimitsa kafukufuku wotere asanafike kumapeto.

2. Cimene Cimawerengedwa

Njira yochedwa survival analysis siifunsa cabe kuti amwalira ndi angati, koma kuti papita nthawi yotani aliyense asanamwalire. Motero mau akuti "kupulumuka" sakwanira pomasulira dzinali, pakuti cimene cimayezedwa ndi kutalika kwa nthawi. Vuto ndi lakuti odwala ena amasamuka, ndipo ambiri amakhala akali moyo pa tsiku lowerengera. Mu 1958 Kaplan ndi Meier anaonetsa kuti anthu otere sayenera kutayidwa: aliyense amawerengedwa kufikira tsiku limene anaonedwa komaliza. Mu 1972 Cox anawonjezera njira yoyerekezera kukula kwa ngozi ya imfa m'magulu awiriwo.

3. Kuona Zotsatira Kafukufuku Ali Mkati

Komiti yoima payokha imaona zotsatira nthawi ndi nthawi, koma pamenepa pali msampha. Tiyerekeze kuti mankhwala sagwira nchito konse. Tikaona kamodzi, mpata woti ziwerengero zitinamize umaikidwa pa 5 peresenti. Tikaona kasanu ndi muyezo womwewo, umakwera kufika pafupifupi 14 peresenti. N'cifukwa cake mu 1979 O'Brien ndi Fleming anakonza malire ofuna umboni wamphamvu zedi kumayambiriro, amene amafewa pang'onopang'ono pofika kumapeto. Mu 1983 Lan ndi DeMets anapeza njira yosunga citetezo comweco popanda kuikiratu masiku oonera. Tizindikirenso kuti mtunda umene kafukufuku wayenda suyezedwa ndi miyezi, koma ndi ciwerengero ca imfa zimene zacitika, popeza umboni umacokera m'menemo.

4. Citsanzo ca ku Lusaka

Mu 2001, pa University Teaching Hospital, Profesa Chifumbe Chintu ndi anzake anayamba kafukufuku wa CHAP, woyesa mankhwala a cotrimoxazole pa ana oposa 500 okhala ndi kacirombo ka HIV. Mu Okutobala 2003 komiti inalangiza kuti aimitsidwe: mwa ana olandira mankhwalawo anamwalira 28 peresenti, pamene m'gulu linalo anamwalira 42 peresenti. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2004, ndipo bungwe la WHO linalangiza kuti ana otere azipatsidwa mankhwalawa.

5. Mau Omaliza

Kuimitsa mopupuluma kukhoza kufalitsa mankhwala opanda phindu. Kuzengereza kumasiya ana ena akumwa mapiritsi opanda mphamvu pamene yankho ladziwika kale. Pa cifukwa cimeneci malire oimitsira amalembedwa kafukufuku asanayambe, munthu aliyense asanaone zotsatira.