Injiniya wa bandi timamukhazika posamveka

Pa phwando la nyimbo m'matauni a Blantyre, kaya ndi m'holo ya mpingo ku Bangwe, pabwalo la sukulu ku Machinjiri kapena pamalo omwera mowa ku Ndirande, pamakhala munthu wina amene omvera amamukumbukira pokhapokha maikolofoni ikalira. Amakhala pambali pa siteji, kuseri kwa mulu wa masipika, ataweramira mikisa. Oimba amamuitana kuti injiniya, ngakhale ambiri mwa anthuwa anaphunzirira ntchitoyi pa kunyamula masipika ndi kukulunga nthambo, mpaka tsiku lomwe mwini zida anawalola kugwira mabatani. Udindo wake ndi woti gitala, besi, kiyibodi, ng'oma ndi mawu a woimba zifike kwa anthu chilichonse pa mlingo wake. Koma pomwe timamukhazikapo sangamve zimene anthuwo akumva, ndipo kusamveka bwino kwa mabandi athu kumayambira pamenepa, osati pa kuperewera kwa luso lake.

Sipika siigawa mawu mofanana. Mawu akuthwa, omwe amachititsa kuti timve zimene woimba akunena, amapita kutsogolo; besi imafalikira mbali zonse, ndi kumbuyo komwe. Choncho wokhala pambali amamva mdidi wa besi, phokoso la ng'oma zimene zili pafupi naye ndi mamonita, masipika omwe oimba amadzimverapo, ndipo zotsalazo amangoyerekeza. Akaona ngati woimba wazimirira amamukweza, pomwe kutsogolo makutu a anthu akuwawa kale. Onjezanipo denga la malata ndi makoma a simenti zomwe zimabweza mawu, komanso kuti zida amaziyesa masana m'holo mopanda anthu. Usiku holo ikadzaza, matupi ndi zovala zimameza mawu akuthwa aja, zonse zimene anakonza n'kusintha iye osadziwa. Pa rege ngati ya Black Missionaries a ku Chileka, besi ikaperewera nyimbo yafa, ikachuluka uthenga wakwiririka, ndipo malire ake munthu amawamva ataima pakati pa ovina.

Kenako mawu amamuchulukira. Woimba amaloza chala m'mwamba: "Ndikwezereni monita, sindikudzimva." Wa gitala sapempha n'komwe, amangotembenuka n'kukweza ampu yake. Wokonza phwando amabwera akuthamanga: "Amwene, kwezani, akumbuyo alipiranso." Zonse zikakwera, maikolofoni imatola mawu otuluka m'monita n'kuwabwezeranso momwemo, kulira kuja n'kuyamba, ndipo holo yonse imacheukira kwa iye. Magetsi a ESCOM akathima, monga zinkachitikira pafupipafupi namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, ndi iye yemweyo wothamangira ku jenereta, mtima uli pa maampu kuti angapse.

Eni zida ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zopeka. Kuti mikisa ikhale pakati pa omvera pamafunika nthambo yaitali yonyamula mawaya a zida zonse, yochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse choitanitsa chinakwera mtengo. Amaopanso mowa kutayikira pa mikisa, ndewu, akuba, ndi mwini holo amene safuna kutaya malo a mipando. Koma kuwerengera kumeneku kumaiwala chimene anthu alipirira pakhomo. Munthu amene wagula masipika a mamiliyoni n'kukana nthambo ali ngati wogula minibasi n'kukhazika dalaivala pampando wakumbuyo. Pa maphwando akuluakulu mikisa imakhala moyang'anizana ndi siteji, itatchingidwa, ndipo palibe amadandaula za malowo. Masiku ano kuli mikisa monga Behringer X32 yomwe munthu amaiyendetsa ndi tabuleti akuzungulira m'holo. Ngakhale kumene zoterezi sizingatheke, zina sizifuna ndalama: oimba kufika msanga kudzayesa zida, wa gitala kusiya ampu pomwe anagwirizana, ndi mnyamata wachiwiri kuima pakati pa anthu n'kumapereka zizindikiro ndi manja.

Ena amati anthu amavina ndithu, ndiye vuto lili pati? Kuvina amavinadi, koma nyimbo za kuno zimayenda ndi uthenga. Anthu ankakhamukira kwa Evison Matafale ndi Lucius Banda kuti akamve zimene akunena, ndipo kwaya ya mpingo ikamveka ngati chiphokoso chabe, miyezi yophunzira ija yapita pachabe. Chimene chimandivuta kwambiri n'choti injiniya amawerengedwa pamodzi ndi katundu wobwereka. Dzina lake silikhala pa chikwangwani, amafika woyamba, amachoka womaliza atakweza masipika m'galimoto, ndipo pakhomo pakalowa ndalama zochepa, malipiro ake ndi amene amayamba kudulidwa. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso lopitirira madesibeli 85 kwa maola 8 limaononga makutu, ndipo pafupi ndi masipika a bandi limaposa pamenepo. Makutu akaonongeka motere sachira, ndipo mawu oyamba kutayika ndi akuthwa omwe aja. Injiniya wotere amayamba kuwakweza mopyola osazindikira, oimba n'kumati wakalamba, eni zida n'kuitana mnyamata wina kuti akakhale pamalo pomwepo.