Fomu ya msonkho ilibe malo a ana amasiye

Titatuluka mumzikiti tsiku la Jumu'ah, bambo wina wogulitsa maukonde ndi zingwe ku Mangochi adanditsatira atanyamula kope lothimbirira. Adati pakhomo pake pamadya anthu 13: ana ake, mayi ake okalamba ndi ana anayi a malemu mlongo wake. "Shehe," adatero, "pafomu ya msonkho ndasowa polemba anthu amenewa. Kodi ndikalemba fizi yawo ngati ndalama yogulira katundu, ndachimwa?"

Bamboyu sadaone molakwa. Lamulo la msonkho wa zopeza m'dziko muno limaona munthu payekha. Wapantchito amadulidwa PAYE malipiro asadafike m'manja, ndipo mbeta ndi tate wa ana khumi, ngati amalandira mofanana, amadulidwanso mofanana. Wabizinesi amaloledwa kuchotsa zimene wagwiritsa ntchito poyendetsa malonda, monga lendi ya sitolo, malipiro a antchito ndi mtengo wonyamulira katundu. Ufa, mankhwala a agogo ndi yunifolomu ya mwana wamasiye, bungwe la MRA siliziwerenga.

Kwa ife a kunyanja zimenezi zimawawa kwambiri, pakuti kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo maliro akachitika onse amayang'ana amalume. Tidazoloweranso Zakaat, imene imaperekedwa 2.5 peresenti pa chuma chimene chafika pa nisaab ndipo chakhala chaka chathunthu. Chimene banja ladya m'kati mwa chaka sichilowa m'chiwerengero. Munthu woleredwa m'chilungamo chotere akakumana ndi fomu yosafunsa za pakhomo, mtima umamuuza kuti akuberedwa. Chodabwitsa n'chakuti msonkho wa atsamunda wa m'zaka za m'ma 1890 unkaliona banja, koma pofuna kulilipiritsa: unkawerenga nyumba, ndipo wamitala ankalipirira nyumba ya mkazi aliyense.

Komabe bambo uja ndidamuyankha kuti asatero. Kulemba fizi ngati maukonde ndi bodza, ndipo pansi pa bodzalo iye adzasainira dzina lake. Likadzadziwika, chilango chake chidzadya chakudya cha ana omwewo. Ndidamukumbutsanso kuti Zakaat silowa m'malo mwa msonkho, ngakhalenso msonkho m'malo mwa Zakaat, chifukwa olandira ake ndi osiyana.

Titatsegula kopelo tidapeza gwero lina la kusowa tulo kwake. Ndalama ya sitolo ndi ya pakhomo zinkatuluka m'thumba limodzi. Malisiti a katundu wochokera ku Limbe ena adatayika, ena adakulungira usipa. Motero zambiri zimene lamulo limamulola kuchotsa sakadatha kuzitsimikiza, ndipo ankafuna kubwezera pa zimene lamulo sililola. Tidagwirizana kuti agule kope lachiwiri, adzidulire yekha ndalama ya pakhomo pamwezi, ndipo asadikire masiku otsiriza kuti alowe pa Msonkho Online, pamene intaneti ya kumudzi imakonda kukana.

Dandaulo lake lenilenilo lidakalipo, ndipo ine ndikuliona kuti n'lomveka. Chaka chilichonse, bajeti isadapite ku Nyumba ya Malamulo, unduna wa zachuma umamva maganizo a magulu osiyanasiyana. Kumeneko mabungwe athu a Chisilamu angathe kukapempha kuti wolera ana amasiye aganiziridwe pa msonkho, atatenga maumboni ochokera m'makomo ngati la bambo uja.