Kukoma ndi Zilema za Akanema Akale a Milandu Yakupha

M'zaka za m'ma 1930, pamene umphawi unagwa m'dziko la America, eni nyumba za kanema anayamba kuonetsa akanema awiri pa mtengo umodzi kuti akope anthu. Kanema wamkulu anali ndi akatswiri omveka. Wachiwiri anali wamfupi, wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, wopangidwa ndi ndalama zochepa m'masiku owerengeka. Ambiri a mtundu wachiwiriwu anachokera ku timakampani ta ku Hollywood monga Monogram ndi PRC, timene anthu anatitcha Poverty Row, ndiko kunena mzere wa amphawi. Ku Britain nakonso, lamulo la 1927 linakakamiza nyumba za kanema kuonetsako akanema opangidwa m'dzikomo, ndipo ambiri anapangidwa mothamanga pongofuna kukwaniritsa lamulolo.

Opanga akanemawa anakonda nkhani zakupha pa chifukwa chodziwika. Nkhani yotere siifuna magulu a nkhondo kapena nyumba zachifumu. Ifuna chipinda chimodzi, mtembo, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi oganiziridwa, ndi wofufuza wochenjera. Ndiponso mdima umene unabisa kusauka kwa makoma ndiwo unawonjezera mantha. Kanema wa Detour, amene Edgar G. Ulmer anampanga ku PRC mu 1945, anatamandidwa pambuyo pake, kotero kuti mu 1992 anamuika m'kaundula wa akanema oyenera kusungidwa ku America.

Tsono kukoma kwa akanemawa kufanana ndi kukoma kwa chirapi. Woonerera sakhala chete ngati mlendo, koma ayesa nzeru zake pamodzi ndi wofufuza, nasankha m'mtima amene am'ganizira, nadikira kuti aone ngati walasa. Chifukwa nthawi inali yochepa, nkhani inayenda msanga, ndipo choipa chinaululika ola lisanathe.

Komatu kuthamanga sikufika. Chilema choyamba chinali kunyenga woonerera. Kawirikawiri wofufuza anasonkhanitsa onse m'chipinda pomaliza, natulutsa umboni umene sunaonekepo ndi kale lonse. Chirapi chimene yankho lake silili m'mawu ake si chirapi, koma bodza. Enanso anazolowera kupatsa mlandu munthu wooneka wofatsa koposa onse, kotero kuti woonera akanema atatu anadziwiratu mathero a wachinayi.

Chilema chachiwiri ndicho chachikulu, pakuti chikhudza ulemu wa anthu. Charlie Chan, wapolisi wa mtundu wa Chitchaina amene Earl Derr Biggers anamlemba m'buku mu 1925, anaseweredwa ndi azungu: Warner Oland wobadwira ku Sweden, kenaka Sidney Toler ndi Roland Winters. Mu akanema 17 a Chan amene Monogram inapanga kuyambira 1944 mpaka 1949, ambiri anali ndi Mantan Moreland, munthu wakuda waluso lalikulu pa nthabwala. Koma gawo limene anam'patsa linali la Birmingham Brown, woyendetsa galimoto wamantha, wotuzula maso pakumva kaphokoso kalikonse. Anthu anaseka, koma posekapo anaphunzira kupeputsa anzawo.

Mphunzitsi amene akonzekera kuphunzitsa nthano ndi kalembedwe apezapo miyeso iwiri. Woyamba ndi uwu: kodi mathero a nkhani anabzalidwa poyamba, kuti mwana watcheru akhoze kuwapeza yekha? Wachiwiri ndi uwu: kodi akusekedwa ndani m'nkhanimo, ndipo akusekedwa chifukwa cha zochita zake kapena chifukwa cha mtundu wake? Ana sachedwa kuzindikira yankho lachinyengo, ndipo adandaula pomwepo. Koma chipongwe chobisika m'nthabwala achimeza osadziwa, napita nacho kubwalo la masewera. Pamenepo mpamene pafunika maso a mphunzitsi.